Anapambana masewero onse 13, koma komiti inawauza kuti akhale pansi

Tangoganizani timu yanu yasewera masewero 13, yapambana onse 13, yanyamulanso chikho cha ligi yake. Kenako anthu 13 omwe akhala m'chipinda cha hotela ina akulengeza kuti timuyo silowa nawo mu ndime yolimbirana ukatswiri wa dziko. Chifukwa chake n'chakuti mnyamata mmodzi wathyoka mwendo. Izi zinachitikira timu ya Florida State University ya ku America pa 3 Disembala 2023, ndipo mpaka lero anthu okonda masewero kumeneko akangoyamba nkhaniyi, mkangano wake sutha msanga.

Ine ndili kumbali ya anyamatawo, ndinenerepo poyera. Koma ndifotokozanso zomwe a mbali inayo amanena, chifukwa nawonso sikuti amangobwebweta.

Choyamba, ndi mpira wanji umenewu?

Si mpira wamiyendo womwe tinazolowera ayi. Uwu ndi uja wooneka ngati dzira, womwe osewera ake amavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10 kupita kutsogolo. Ikakwanitsa, imapatsidwanso mwayi wina kanayi. Ikafikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, imeneyo ndi touchdown, mapointi 6. Ikaumenya ndi mwendo n'kudutsa pakati pa mapolo, ndi mapointi 3.

Pa osewera onse, pali mmodzi yemwe amagwira mpira pafupifupi nthawi iliyonse timu ikamaukira. Amamutcha quarterback. Iyeyu ndiye amawerenga momwe adani aimira, n'kusankha kuponya, kupatsira wothamanga kapena kuthamanga yekha. Ndi ubongo wa timu. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepa.

Musapusitsidwe ndi mawu akuti koleji, n'kumaganiza za masewero a ana asukulu Loweruka masana. Bwalo la Florida State mumzinda wa Tallahassee, lotchedwa Doak Campbell, pa nthawiyo linkalowa anthu oposa 79,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri bwalo la Bingu ku Lilongwe. La yunivesite ya Michigan limalowa oposa 107,000. Aphunzitsi a matimu akuluakulu amalandira madola mamiliyoni pachaka, ndipo makampani a wailesi za kanema amalipira mabiliyoni kuti azionetsa masewerowa.

Nanga komiti ikubwera pati? Mu 2023 m'gulu lapamwamba munali matimu 133, koma timu iliyonse imasewera masewero 12 okha isanafike pa za zikho. N'zosatheka kuti onse akumane. Kuno kwathu tebulo la ligi limaweruza lokha, wapambana watenga mapointi atatu, nkhani yatha. Kumeneko matimu ali m'maligi osiyanasiyana, ndipo akuluakulu pa nthawiyo analipo asanu: SEC, Big Ten, Big 12, ACC ndi Pac-12. Kuyambira 2014 mpaka 2023, komiti ya anthu 13 yomwe imakumana ku Grapevine m'boma la Texas ndi yomwe inkasankha matimu anayi okalimbirana ukatswiri. Maligi asanu, mipando inayi. Mwaona kale pomwe panali msampha.

Kuchoka m'dzenje

Florida State si timu yaing'ono. Inakhalapo akatswiri a dziko mu 1993 ndi 1999 pansi pa a Bobby Bowden, komanso mu 2013 pansi pa a Jimbo Fisher. Koma zitatero zinthu zinalowa pansi. Pomwe a Mike Norvell ankayamba kuiphunzitsa mu 2020, inapambana masewero 3 n'kugonja 6. Mu 2021 inapambana 5 n'kugonja 7, ndipo chaka chimenecho inachita manyazi pakwawo pomwe inagonja 20 kwa 17 ndi Jacksonville State, timu ya m'gulu lapansi. Mu 2022 mpamene kunayamba kucha: 10 kupambana, 3 kugonja.

Pakati pa kudzukaku panali Jordan Travis. Mnyamatayu anayambira ku yunivesite ya Louisville, n'kusamukira ku Florida State mu 2019. Poyamba ambiri ankamuona ngati wothamanga chabe, osati woponya mpira wodalirika. Anakhalabe pomwepo m'zaka zonse zowawa zija, ena akuthawa, mpaka anasanduka mtsogoleri wa timu.

Sizoni ya 2023 inayamba pa 3 Sepitembala ku Orlando, komwe Florida State inathambitsa LSU 45 kwa 24. LSU ndi timu ya mu SEC, ndipo quarterback wake, Jayden Daniels, ndi yemwe anadzalandira Heisman chaka chomwecho, mphotho ya wosewera wopambana onse m'makoleji. Tsikulo Keon Coleman anawakha ma touchdown atatu. Patatha milungu itatu anapita kwawo kwa Clemson, timu yomwe inali itawagonjetsa maulendo 7 motsatizana, n'kukapambana 31 kwa 24 mu nthawi yowonjezera. Panalinso masiku ozunzika, monga 31 kwa 29 ndi Boston College komanso 27 kwa 20 ndi adani awo a Miami. Koma Loweruka lililonse ankatuluka m'bwalo atapambana.

Usiku wa pa 18 Novembala

Masewero a nambala 11 anali oyenera kukhala phwando. Ankakumana ndi North Alabama, timu yaing'ono, ndipo kanali komaliza kuti Travis asewere pabwalo la kwawo. M'chigawo choyamba anathamanga ndi mpira, wina anamugwetsa, mwendo wakumanzere n'kupindika moti ngakhale woonera pa foni ankatembenuza nkhope. Anamutulutsa pa kangolo. Sizoni yake inathera pomwepo.

Pa nthawiyo Florida State inali kumbuyo 13 kwa 0. Inamaliza ndi 58 kwa 13.

Mlungu wotsatira anapita ku Gainesville kukakumana ndi Florida, timu inanso ya mu SEC, akutsogoleredwa ndi quarterback wachiwiri, Tate Rodemaker. Anayamba kutsalira 12 kwa 0, koma Trey Benson anathamanga ma touchdown atatu ndipo anapambana 24 kwa 15. Tsoka silinunkha: Rodemaker naye anagundidwa m'mutu chakumapeto kwa masewerowo, ndipo sanaloledwe kusewera fainolo ya ACC.

Ndiye pa 2 Disembala ku Charlotte, udindo unagwera Brock Glenn, mwana wa chaka choyamba, quarterback wachitatu. Zinaoneka kuti ndi wachitatudi: pa mipira 21 yomwe anaponya, 8 yokha ndi yomwe inafika, mayadi 55 basi. Koma otchinga kumbuyo anagwira ntchito yoopsa. Anagwetsa quarterback wa Louisville maulendo 7 asanaponye mpira, ndipo Louisville, yomwe inali itapambana masewero 10 chaka chimenecho, sinapeze touchdown ngakhale imodzi. Zinatha 16 kwa 6. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anyamatawa anaonetsa kuti denga lawo silinali pamutu pa Travis yekha.

Lamulungu lomwe linasweka mitima

Usiku womwewo kunachitika china ku Atlanta. Alabama inagonjetsa Georgia 27 kwa 24 mu fainolo ya SEC, n'kudula ulendo wa Georgia wa masewero 29 osagonja. Apa komiti inapezeka pakona. Michigan ndi Washington anali osagonja, mipando iwiri yapita. Inatsala iwiri, koma oifuna atatu: Florida State yosagonja, Alabama yomwe inagonja kamodzi, ndi Texas yomwe inagonjanso kamodzi koma inali itakwapula Alabama yomweyo 34 kwa 24 pakwawo ku Tuscaloosa mu Sepitembala. Kulowetsa Alabama n'kusiya Texas kukanakhala kunyoza zomwe zinachitika pabwalo. Kusiya Alabama kukanatanthauza kuti kwa nthawi yoyamba chiyambire 2014, SEC ilibe timu mu ndimeyi.

Komiti inasankha Michigan, Washington, Texas ndi Alabama. Florida State inaikidwa pa nambala 5. Kanali koyamba kuti katswiri wosagonja wa imodzi mwa maligi akuluakulu asanu aja asiyidwe panja.

Wapampando wa komitiyo, a Boo Corrigan, anafotokoza kuti popanda Travis, Florida State inali timu ina, osati ija ya milungu yoyambirira. A Norvell anatulutsa chikalata chonena kuti anyansidwa komanso akwiya kwambiri. Koma mawu omwe anandilasa ine ndi a Travis mwini wake. Analemba pa X kuti akanakonda mwendo wake ukanathyoka kumayambiriro kwa sizoni, kuti anthu aone kuti timuyi ndi yoposa quarterback mmodzi. Anapepesanso. Taganizani, abale. Mnyamata ali ndi mwendo wothyoka, tsogolo lake lili pa chiswe, koma akupepesa kuti wavulala pa nthawi yolakwika.

Zomwe a komiti anganene

Tiwapatse mpata. M'malamulo a komitiyo munalembedwa kale kuti angathe kuganizira za kusowa kwa osewera ofunika ngati kungakhudze kaseweredwe ka timu kutsogoloku. Sanachite kupeka lamulo usiku umenewo. Ntchito yawo, malinga ndi iwo, inali kusankha matimu anayi abwino koposa, osati anayi omwe akumvetsa chisoni. Ndipo aliyense amene anaonera masewero a Louisville anaona kuti mbali youkira ya Florida State inali ikutsimphina. Alabama nayo inali itangogwetsa timu yomwe inali pa nambala 1, ndipo inataya kwa Michigan movutikira, 27 kwa 20 mu nthawi yowonjezera. Michigan yomweyo ndi yomwe inadzatenga ukatswiri pogonjetsa Washington 34 kwa 13 pa 8 Januwale 2024.

Zonsezi ndi zoona. Komabe ine sizindikhutiritsa, pa zifukwa zinayi.

Choyamba, pa 28 Novembala, Travis atavulala kale masiku khumi m'mbuyomo, komiti yomweyi inaika Florida State pa nambala 4, Texas pa 7, Alabama pa 8. Florida State inapita kukapambana chikho ndi mapointi 10, n'kutsitsidwa. Ngati mwendo wa Travis unali vuto, unali vuto kale pa 28 paja. Chomwe chinasintha si mwendo, koma kugonja kwa Georgia.

Chachiwiri, ngati muyeso unali wakuti ndani ali ndi mphamvu lero, n'chifukwa chiyani anaika Florida State pa 5, pamwamba pa Georgia yomwe anaiika pa 6? Palibe amene ankakhulupirira kuti Florida State yopanda Travis ingagonjetse Georgia. Ndiye kuti pa mpando wa 4 anagwiritsa ntchito muyeso wa mphamvu, pa mpando wa 5 muyeso wa zomwe timu yakwanitsa. Miyeso iwiri pa msika umodzi, ogula amadandaula ndithu.

Chachitatu, kupambana monyansa sikunali kwa Florida State yokha. Mlungu umodzi Alabama isanakumane ndi Georgia, inapulumukira m'kamwa mwa mbuzi kwa Auburn, 27 kwa 24, ndi mpira womwe unaponyedwa pa mwayi wachinayi kutatsala mayadi 31. Auburn imeneyo inali itangogonja kumene 31 kwa 10 ndi New Mexico State. Kwa Alabama ankati ndi mtima wa akatswiri. Kwa Florida State ankati ndi umboni wa kufooka.

Chachinayi, mbiri inalipo kale. Mu 2014 Ohio State inataya ma quarterback awiri, inalowa mu ndimeyi ndi wachitatu, Cardale Jones, n'kutenga ukatswiri. N'zoona kuti iwo anapambana fainolo ya ligi yawo 59 kwa 0, zomwe Florida State sinachite. Koma phunziro lake ndi lomweli: zomwe zichitike pabwalo sizidziwika mpaka masewero ataseweredwa. Komanso Rodemaker ankayembekezeka kukhala atachira pofika tsiku la masewerowo, patatha pafupifupi mwezi.

Fungo la ndalama

Wolira samugwira pakamwa, ndipo masapota a Florida State analira mokweza pa masamba a mchezo. Ambiri ankaloza chala ESPN, kampani yomwe imaonetsa masewero a ndimeyi komanso ili ndi mgwirizano waukulu ndi SEC. Kukayikira si umboni, ndipo ESPN yomweyo ilinso ndi mgwirizano ndi ACC wofika mpaka 2036. Koma mpikisano ukamaweruzidwa m'chipinda chotseka, mavoti ake ali achinsinsi, usadabwe anthu akamanunkhiza ndalama paliponse.

Andale nawo sanachedwe. Bwanamkubwa wa boma la Florida, a Ron DeSantis, anapempha kuti mu bajeti muikidwe madola 1 miliyoni othandizira milandu yomwe ingabuke pa nkhaniyi. Mkulu wa zamalamulo m'bomalo pa nthawiyo, mayi Ashley Moody, anatsegula kafukufuku pa momwe chisankhocho chinayendera. Pa 22 Disembala yunivesiteyo inakasumira ligi yake yomwe, ACC, pofuna njira yotulukiramo. Dandaulo lake lalikulu linali lakale, lakuti matimu a mu SEC ndi Big Ten amalandira ndalama za kanema zochuluka kuposa iwo. Mlanduwo unatha pokambirana mu Malichi 2025, Florida State ikadali mu ACC.

Pali china choseketsa koma chowawa. Kumayambiriro kwa 2022 kunali ganizo lokulitsa msanga ndimeyi kuti muzilowa matimu 12. Mwa maligi atatu omwe anakana, imodzi inali ACC. Dongosolo la matimu 12 linadzayamba mu 2024, ndipo chaka chimenecho linapereka mipando kwa akatswiri a maligi asanu omwe anali pamwamba. Linachedwa ndi chaka chimodzi chokha kuti lipulumutse anyamata a 2023.

Nanga 63 kwa 3 ija?

Mukayamba mkanganowu pa gulu la WhatsApp, wina aponya nambala iyi pasanathe mphindi. Pa 30 Disembala 2023, Florida State inakumana ndi Georgia mu Orange Bowl ndipo inaswedwa 63 kwa 3, kusiyana kwakukulu koposa m'mbiri ya masewero a mtunduwu. Ndiye amati, mwaona, komiti inalondola.

Ayi, aise. Timu yomwe inalowa m'bwalo tsiku limenelo si yomwe inapambana masewero 13. Osewera oposa 20 sanasewere. Jared Verse, Coleman, Benson ndi ena anasankha kukonzekera zolowa mu NFL, ligi ya akatswiri olipidwa. Ena anali ovulala, ena anali atayamba kale zosamukira ku makoleji ena, kuphatikizapo Rodemaker. Ngakhale mphunzitsi wa Georgia, a Kirby Smart, atapambana ananena kuti oyendetsa masewerowa aone bwino zomwe zachitikazo ndipo akonze.

Ena amawatcha anyamatawa othawa nkhondo. Ine sindingawaweruze choncho. Anali ataona ndi maso awo mnzawo akunyamulidwa pa kangolo. Anali atangouzidwa kuti masewero 13 omwe anaikapo matupi awo sanali okwanira. Ndiye aikenso mawondo awo pa ngozi chifukwa cha masewero opanda chikho cha dziko, miyezi inayi asanasankhidwe ku ntchito yomwe ingasinthe mabanja awo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Verse anasankhidwa pa nambala 19 ndi Los Angeles Rams mu 2024, ndipo anamaliza chaka chake choyamba ndi mphotho ya wotchinga watsopano wopambana onse mu NFL.

Travis anasankhidwa ndi New York Jets mu gawo lachisanu. Sanasewereko ngakhale kamodzi. Mu Epulo 2025 analengeza kuti wasiya mpira chifukwa mwendo uja sunachire momwe ankayembekezera. Masewero a North Alabama aja ndiwo anali omaliza pa moyo wake wa mpira.

Zomwe zinatsala

Timu nayo sinadzuke msanga. Mu 2024 Florida State inapambana masewero 2 okha n'kugonja 10. Pa 30 Ogasiti 2025 inalandira Alabama ku Tallahassee n'kuikwapula 31 kwa 17, masapota n'kukhamukira m'bwalo ngati atenga chikho. Koma Alabama imeneyo sinalinso ya a Nick Saban, omwe anapuma mu Januwale 2024, ndipo Florida State inamaliza sizoniyo ndi 5 kupambana, 7 kugonja. Izi zikungoonetsa kuti sizoni ngati ya 2023 sibwera kawirikawiri. Ku koleji wosewera amakhala zaka zochepa n'kupita. Gulu limene lija silidzakumananso, ndipo funso lakuti likanachita chiyani ndi Michigan silidzayankhidwa.

Apa ndi pomwe pagona dandaulo langa. Mwina Florida State ikanagonja ndi mapointi 30. Mwina otchinga aja akanaigwira Michigan pakhosi mpaka mphindi yomaliza. Zonsezi zinali zotheka, ndipo masewero amaseweredwa kuti tidziwe. Timakonda mpira, wamiyendo kaya wa dzira, chifukwa ndi amodzi mwa malo ochepa pomwe dzina lako, chuma cha kwanu ndi maganizo a akuluakulu zimayenera kukhala panja pa mzere. Tsiku lomwe akuluakulu a ligi yathu angadzanene kuti timu yomwe ili pamwamba pa tebulo isalandire chikho chifukwa womwetsa zigoli wake wavulala, ndikudziwa kuti mafoni a m'mawailesi sangapume mlungu wonse.

Dongosolo la matimu 12 lachepetsa vutoli, koma komiti ikadalipo, ndipo chaka chilichonse pamakhala timu yomwe imatsala pakhomo ikudandaula. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano timu ya mu ligi yaikulu ikapambana masewero ake onse, palibe angaiuze kuti ikhale pansi. Anyamata a ku Tallahassee a 2023 ndi omwe anali omaliza kulipira mtengo wa dongosolo lakale lija.

Nanga inu mukanakhala mmodzi mwa anthu 13 aja ku Grapevine, dzina la Florida State mukanalilemba pa nambala yanji?